Mlendo ndi Mame: Mulanje ndi Ligi Yaikulu ya 2024

Mbiri ya mpira wamiyendo imakonda kulembedwa kuyambira pamwamba. Chaka chikatha, nyuzipepala zimajambula anyamata amene anyamula chikho, wailesi imaŵatchula maina mmodzimmodzi, ndipo ana amaloŵeza mainawo ngati katekisimu. Koma matimu amene atsirizira kunsi kwa mndandanda amachoka mwakachetechete, monga momwe amachokera munthu wangongole pa bwalo la mfumu. Mutafunsa munthu wokonda mpira kuti adapambana ligi yaikulu ya dziko lino mu 2024 ndani, adzakuyankhani msanga kuti ndi Silver Strikers ya ku Lilongwe. Mutamufunsanso kuti adatuluka mu ligimo ndani, adzayamba kukanda kumutu. Pakati pa matimu atatu amene adatuluka chaka chimenecho panali timu ya ku Mulanje yotchedwa FOMO. Nkhani yake njoyenera kuisunga isanafufutike, pakuti ikutiuza za ligi yathu, ndiponso za ife eniakefe, zinthu zimene chikho sichingatiuze.

Ligi ya makampani

Kuti timvetse bwino za 2024, tibwerere kaye m'mbuyo ku 1986, chaka chimene ligi ya dziko lonse idabadwa. Chisanafike chakacho, matimu akuluakulu ankapikisana m'maligi a kwao: a ku Blantyre paokha, a ku Lilongwe paokha, ndipo ankakumana makamaka pa mipikisano ya zikho. Mpira wa Malaŵi unali pa msinkhu wabwino masiku amenewo. Timu ya dziko idatenga chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Afrika mu 1978 ndi mu 1979, ndipo mu 1984 idapita koyamba ku mpikisano wa maiko a mu Afrika ku Ivory Coast. Maina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi ndi Lawrence Waya ankadziŵika ngakhale m'midzi imene munalibe ndi mmodzi yemwe wopondapo pa Kamuzu Stadium. Tsono atsogoleri a mpira adaona kuti yakwana nthaŵi yoti akatswiri a mizinda ikuluikulu azikumana kaŵirikaŵiri mu ligi imodzi. Kampani ya Gillette idaikapo ndalama, ndipo ligiyo idatenga dzina la lezala lija la Nacet.

Matimu oyamba anali 8: asanu ochokera mu ligi ya ku Blantyre ndi atatu ochokera mu ligi ya ku Lilongwe. Kumpoto kunalibe ndi imodzi yomwe. Taŵerengani maina ao mofatsa, muone chimene akunena. Bata Bullets inali m'manja mwa kampani ya nsapato. Limbe Leaf Wanderers inkadya za kampani ya fodya. MDC United inali ya bungwe la boma loona za chitukuko cha malonda, ADMARC Tigers ya bungwe logula mbeu, Red Lions ya asilikali a ku Zomba, Silver Strikers ya banki yaikulu ya dziko, CIVO United ya ogwira ntchito m'boma, ndipo yachisanu ndi chitatu inali MITCO. Pafupifupi timu iliyonse inali ndi kholo lolandira ndalama mwezi ndi mwezi. Kholo limeneli linkagula nsapato ndi majezi, linkapereka galimoto, ndipo kaŵirikaŵiri linkalemba woseŵerayo ntchito, kotero kuti mnyamata ankathamanga pa bwalo Loŵeruka akudziŵa kuti Lolemba ali ndi poloŵera.

Bata Bullets ndiyo idatenga chikho choyamba mu 1986. CIVO United idatsatira mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, ndipo Limbe Leaf Wanderers mu 1990. Zaka zisanu, akatswiri asanu osiyana: makolo onsewo anali ndi mphamvu zofanana ndithu, motero anao ankalandirana chikho ngati mkombero.

Nanga Mulanje inali pati m'zonsezi? Malo ake anali pambali pa wailesi. Boma limeneli, limene lakhala likulima tiyi kuyambira 1891, silidasoŵepo anyamata a miyendo yopepuka. Mabwalo analipo pa sukulu, pa mishoni ndi m'maesiteti, ndipo kumene kunalibe mpira wachikopa ana ankamenya wachikulunga mpaka mdima. Koma mnyamata waluso akafuna kuoneka, njira inali imodzi yokha: kukwera basi ya ku Limbe. Otsala ankasonkhana pa golosale kapena pansi pa mtengo wa mango kumvera MBC, ndipo pamenepo ndi pamene anthu a pa Chitakale, ku Likhubula, ku Limbuli ndi ku Muloza adasanduka ena Maule, ena Manoma, nkumakangana mpaka kunyanyalitsana chifukwa cha matimu a mzinda umene ambiri ankaupitako kamodzi pa chaka. Chikondi chimenechi adachisiyira ana ao monga amasiyira munda.

Timu yopanda kholo lolemera

M'zaka za m'ma 1990 mudadza mliri umene udasintha midzi yathu kuposa nkhondo. Edzi idatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito ndi kulera, ndipo Mulanje inali m'gulu la maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, koma pofika nthaŵiyo nkuti agogo ambiri atatsala kale ndi zidzukulu zosaŵerengeka pa mkeka umodzi. Mwambo wathu wakale woti mwana wamasiye amaloŵa m'nyumba ya amalume kapena ya azakhali udalemedwa, pakuti amalumewo ndi azakhaliwo nawonso anali kumanda.

M'nyengo imeneyi, mu 2000, mudabadwa bungwe la Friends of Mulanje Orphans, ndiye kuti abwenzi a ana amasiye a ku Mulanje, limene anthu amangolitchula mwachidule kuti FOMO. Adaliyambitsa ndi mai wina wa kuno kwathu wokhala ku England, pamodzi ndi anthu akufuna kwabwino a kumeneko. Ntchito yake inali yodyetsa ana, kuŵaveka ndi kuŵaphunzitsa, ali m'midzi mwao momwemo pakati pa abale ao. Ndipo monga adziŵira aliyense amene adasungapo ana ambiri malo amodzi, pamene pali ana pamafunika mpira. Timu imene tikukambayi idatenga dzina la bungwe limeneli. Timu ikamakwera imafuna oseŵera kulikonse kumene ingaŵapeze, motero tisaganize kuti aliyense wovala jezi yake ndi wamasiye. Komabe dzinalo ndi mbendera. Matimu a 1986 adaloŵa mu ligi atanyamula maina a nsapato, fodya ndi ndalama. Iyi idadzaloŵa itanyamula dzina la ana amene dziko lidatsala pang'ono kuŵaiŵala.

Chaka chimene idakwera nchosaiŵalika pa chifukwa china. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwa pa chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Ku Mulanje ndi ku Phalombe phiri lija limene limatipatsa madzi lidatsitsa matope ndi miyala, nkukwirira nyumba ndi minda, makamaka cha ku Muloza. Amasiye adachulukanso. Kutha kwa chaka chomwecho FOMO idapambana ligi ya chigawo cha kumwera, nipeza malo mu ligi yaikulu pamodzi ndi Creck Sporting ya chigawo cha pakati ndi Baka City ya ku Karonga. Boma limene lidayamba chaka ndi maliro lidachitsiriza ndi nthungululu.

Mmene chaka chidayendera

Ligi ya 2024, imene inkatchedwa TNM Super League, inali ndi matimu 16, ndipo idayenda kuyambira Epulo mpaka Disembala. Timu iliyonse inkakumana ndi inzake kaŵiri, kwao ndi koyenda, kutanthauza maseŵero 30 pa timu, 240 onse pamodzi. Wopambana ankalandira mapointi atatu, ofanana mphamvu imodziimodzi, ndipo matimu atatu otsiriza ankatsika.

Mapu a ligiyi anali osiyana kwambiri ndi a 1986. Kumpoto, kumene kale kunalibe timu, tsopano kunali asanu: Mzuzu City Hammers, Moyale Barracks, Karonga United, Baka City ndi Chitipa United. Chigawo cha pakati chinali ndi asanu ndi imodzi: Silver Strikers, Civil Service United, Kamuzu Barracks, Creck Sporting, Dedza Dynamos ndi MAFCO. Kumwera kunali asanu: Bullets, Wanderers, Tigers ndi Bangwe All Stars, onsewo a mu Blantyre, ndi FOMO, imene inali yokhayo ya kunja kwa mzindawo. Bwalo la Mulanje Park lidaalandirapo kale maseŵero a ligi yaikulu pamene matimu a ku Blantyre ankalibwereka, koma wobwereka nyumba ndi mwini nyumba ngosiyana. Mu 2024 akuluakulu a mpira wa dziko lino ankabwera pansi pa phiri la Mulanje ngati alendo, kudzalandiridwa ndi eni mudzi.

Pamwamba pa mndandanda, nkhani ya chakacho inali kugwa kwa ufumu wa Bullets. Timuyi idaatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, idasesa ligi pamodzi ndi zikho zitatu. Amene adaithyola mnyanga ndi mwana wake yemwe, Peter Mponda, amene adakhalapo mtsogoleri wa oseŵera a Bullets ndi a timu ya dziko. Iyeyu, monga mphunzitsi wa Silver Strikers, adaibweretsera timuyo ligi imene idaaitenga komaliza mu 2013. Wanderers idakhala yachiŵiri, Bullets yachitatu. Izi zidalembedwa mokwanira, ndipo sitichedwapo.

Kunsi kwa mndandanda nkhondo inali ya mtundu wina. Walira mvula walira matope: timu ikakwera mu ligi ya dziko lonse, imakwera pamodzi ndi mitengo ya zonse. FOMO inali ndi maulendo asanu a kumpoto ndi asanu ndi umodzi a ku chigawo cha pakati. Kuchoka ku Mulanje kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800, ndipo pa ulendo wotere pamafunika mafuta a basi, chakudya cha anthu oposa makumi aŵiri ndi pogona, kupita ndi kubwera. Onjezanipo malipiro a oseŵera, mankhwala a ovulala ndi zina zofunika pa tsiku la mpira. Zonsezi zidadza pa nthaŵi yoipa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Miyezi yomaliza ya chakacho, pamene ligi imafika pa mponda chimera, mafuta a galimoto adasoŵa m'dziko muno, anthu nkumagona pa mizere. Munthu amene akuŵerengera ndalama ya chigayo saganiza za kulipira pa chipata cha bwalo la mpira, chonsecho timu yaing'ono imadalira chipatacho.

Pomaliza FOMO idatsika, pamodzi ndi Bangwe All Stars ndi Baka City. Mwa matimu atatu amene adaakwera kumayambiriro kwa chaka, aŵiri adabwerera kumene adachokera. Ndipo mwa atatu otsikawo panalibe ya asilikali, ya boma kapena ya banki. Sitikunena kuti mwana wa kholo lolemera sagwa. Chaka cha 2023 Red Lions ya asilikali ndi Blue Eagles ya apolisi zidatsika. Koma taonani mmene Blue Eagles idadzukira: ili mu ligi yaing'ono idatenga chikho cha FDH Bank mu 2024, ndipo mu 2025 inali itabwerera kale pakati pa akuluakulu. Mwana wa mfumu akagwa amagwera pa mphasa. Mwana wamasiye amagwera pa nthaka youma.

Chimene chimasunga timu

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wina angathe kutseka nkhaniyi ndi mwambi umenewu, nkunena kuti anyamata a ku Mulanje adangodzalaŵa za mumzinda, abwerere kukathyola tiyi. Koma mbiri ya ligi yomweyi ikutiletsa kuweruza msanga chotero.

Tiyeni tiŵafunefune matimu 8 aja a 1986. MDC United, imene idatenga ligi mu 1988 nkukhala yoopsa zaka zambiri, lero kulibe. Bungwe limene linkaidyetsa litafooka, nayonso idazimirira. MITCO imakumbukika ndi okalamba okha. Tigers idasiyidwa ndi ADMARC, ndipo yakhala ikusintha maina malinga ndi amene waitola. Bullets yeniyeniyo idalaŵapo umasiye. Bata itaisiya, idakhala kanthaŵi m'manja mwa Bakili Muluzi, amene anali mtsogoleri wa dziko, nifika mu 2004 pa chigawo cha magulu mu mpikisano wa akatswiri a mu Afrika. Thandizo limenelo litatha, idakhala zaka zingapo yopanda kholo lokhazikika, ikuyenda ndi ngongole. Chidaipulumutsa nchiyani pamene MDC United idafa? Anthu. Ogulitsa pa msika, oyendetsa minibasi, othyola tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje konkuno, amene adakana kuti dzinalo life. Kampani ingathe kukweza timu pamwamba, koma timu imene ilibe anthu oitcha yao imafa tsiku limene kampaniyo yatseka buku.

Mpingo wathu uli ndi chitsanzo chake pa zimenezi. Mu Novembala 1887, mu holo ya parishi ya St Mary's mu mzinda wa Glasgow ku Scotland, Brother Walfrid wa chipani cha Amarist, chomwechi chimene chaphunzitsa anyamata ambiri kuno kwathu, adayambitsa timu ya mpira ndi cholinga chopeza ndalama zodyetsera ana osauka a anthu ochokera ku Ireland. Timu imeneyo ndi Celtic, imene mu 1967 idatenga chikho cha akatswiri a ku Ulaya mu mzinda wa Lisbon. Pakati pa holo ya parishi ija ndi chikho chija padapita zaka 80. Sitikulosera kuti timu ya ku Mulanje idzayenda njira yomweyo. Tikungoona kuti timu yobadwira pa mphika wa ana anjala idakula chifukwa amphaŵi a m'dera lake adaiyesa yao, nkumalipira pa chipata kandalama kao kochepako sabata ndi sabata. Nayenso Yohane Bosco woyera, posonkhanitsa anyamata osoŵa kwao mu mzinda wa Turin, adadziŵa kuti bwalo la maseŵera ndi khomo la sukulu ndi la tchalitchi. Mwana amene wapatsidwa jezi wauzidwa kuti pali malo ake, pali amene akumudikira, ndipo akapanda kubwera zidziŵika. Kwa mwana wamasiye mau ameneŵa ngofunika monga nsima.

Apa ndiye pali funso limene chaka cha 2024 chidasiyira anthu a ku Mulanje, ndipo nlosapepuka. Tsiku limene Bullets kapena Wanderers idabwera pa Mulanje Park, munthu wobadwira pansi pa Sapitwa, amene adayamwa chikondi cha Maule kapena cha Manoma kwa bambo wake pambali pa wailesi ija, adayenera kusankha kochemerera. Chikondi chakale sitingachinyoze, pakuti nchimene chidasunga mpira wathu pa zaka zovuta. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kudzaza bwalo tsiku limene kwabwera akuluakulu nkosavuta. Ameneyo ndi mwini maso wokaona zachilendo. Chikondi chenicheni chimayesedwa Loŵeruka lamvula, pamene timu ya kwanu ikuseŵera ndi ina yosatchuka, itagonja kale kaŵiri motsatizana. Chimayesedwa koposa chaka chotsatira, itatsika, pamene wailesi yaleka kuitchula.

Kalata ya Yakobe woyera imaika kusamala ana amasiye ndi akazi amasiye pakati penipeni pa chipembedzo choona. Ambirife tikamva zimenezi timaganiza za thumba la ufa ndi bulangete, ndipo nzoona, zimenezo nzofunika. Koma kusamala kulinso ndi mbali ina: kuima pambali pa bwalo ndi kutchula dzina la mwana mokweza pamene akuthamanga. Mwana amene ali ndi makolo amachipeza chimenechi osachipempha. Amene alibe amadikira mudzi.

Mu 2025 atsogoleri a mpira adakhazikitsa ligi yachiŵiri ya dziko lonse, yokhala pakati pa ligi yaikulu ndi maligi a m'zigawo, kuti timu yokwera izizoloŵera maulendo ataliatali isanakumane ndi akuluakulu, ndipo yotsika isamagwere pansi penipeni. Maganizo ameneŵa ngabwino, koma malamulo okha sangagule mafuta a basi. Boma la Mulanje lili ndi maesiteti a tiyi amene akhala akukolola m'nthaka yake zaka zoposa 100, lili ndi amalonda a pa Chitakale ndi pa Limbuli, lili ndi ana ake ophunzira amene ali pa ntchito zabwino m'mizinda, lili ndi maparishi, mipingo ina ndi mizikiti. Mutu umodzi susenza denga. Ngati onseŵa atagwirana manja, timu ya m'boma lao, kaya ndi FOMO kaya ina imene idzabadwe maŵa, siidzaloŵanso mu ligi yaikulu ngati mlendo wa usiku umodzi.

Kuchokera 1986 mpaka 2024 padapita zaka 38. M'chaka chimenechi mnyamata wa ku Mulanje adatha kuona ndi maso ake timu ya kwao ikulandira akatswiri a dziko pa bwalo la kwao, popanda kukwera basi ya ku Limbe. Ana amene adaona zimenezi sadzaziiŵala, ndipo ena mwa iwo akumenya wachikulunga lero lino kuseri kwa sukulu. Mame amakamuka dzuŵa likakwera, nzoona. Koma mlimi aliyense wa m'tsinde mwa phiri lino adziŵa kuti m'chilimwe mbeu yanthete imakhalira moyo mame omwewo, mpaka mvula itabwera. Aŵerengi okondedwa, mbeu idamera. Kuithirira ndi ntchito yathu.